Kugogoda Boti la Ababa

Ababa anakulira mu mwadiya. Kwathu kuno ku Makhuwira timatero potchula bwato losema pamtengo, ndipo palibe chimene iwo sankachidziwa pa bwato lotero. Mwadiya ukang'aluka sautaya. Amauthira madzi m'kati n'kuusiya ugone choncho. Mtengo umamwa, umafufuma, mng'alu n'kutsekeka wokha. Agogo anga ankatero, ababa ankatero, a Saulos mnzawo wa ababa amatero mpaka lero, ndipo sindinamvepo kuti wina anamira chifukwa cha zimenezo.

Boti la faiba linabwera chaka cha madzi osefukira aakulu aja. Bungwe lina linabwera nalo kudzapulumutsira anthu amene anali m'mitengo ndi pamadenga, ndipo madzi ataphwa linalisiya m'manja mwa komiti ya padoko pathu. Komiti inasankha ababa, a Sebastiano, kuti aziliyendetsa. Linali loyera kunja, labuluu m'kati, injini kumbuyo. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kuwatchula kuti a Kaputeni. Ankawolotsa anthu opita ku Nchalo, matumba a mpunga, mbuzi, ndi njinga zamoto za anyamata a kabaza zimene mwadiya sungathe kunyamula. Ndinawaonapo tsiku lina akupukuta injini ija ndi malaya awo a kutchalitchi.

Ine ndinalowa m'botimo nditangolemba mayeso a Fomu 4. Achimwene anga anali atapita kukadula nzimbe ku esiteti, ndiye panafunika wina wogwira chingwe ndi kukapa madzi. Sindine munthu wolankhula. Kusukulu aphunzitsi ankatha kundiiwala ndili pa benchi yakutsogolo penipeni. Ntchito imeneyi inandikomera, chifukwa ndinkakhala kumutu kwa boti nditafulatira anthu onse, n'kumangoyang'ana Shire.

Njinga zamoto ankaziimika malo amodzimodzi, pakati pa boti, chifukwa m'pamene panali potakasuka. Sitandi ya njinga iliyonse inkaponda pomwepo, m'mawa ndi madzulo, chaka ndi chaka. Ndikapita kukakapa madzi ndinkamva pansi pamenepo pakutsika ndi kukwera kunsi kwa mapazi anga, ngati mimba ya ng'ombe yogona. Panali timizere toyera tambirimbiri tonga ukonde wa kangaude, ndipo timadzi tinkatuluka pang'onopang'ono.

Ababa anachita chimene ankachidziwa. Madzulo aliwonse tikaweruka ankakokera boti pamchenga, n'kuthiramo zidebe za madzi mpaka kufika mu akakolo, n'kulisiya ligone. Ndipo zinatheka. Patapita masabata angapo timadzi tija tinasiya kutuluka. Anagula penti yabuluu, anapaka, boti linaoneka ngati latsopano.

"Waona, Titho?" anandiuza. "Chilichonse choyenda pamadzi chimafuna kumwa."

Ndinasangalala nawo. Ndinalibe chifukwa choti ndisasangalale.

A Princess anabwera mu Okutobala, dzuwa likuwotcha moti mchenga sunkapondeka. Anali mayi wamfupi, wovala buluku ndi chipewa, atanyamula kasutikesi kakuda. Anati bungwe lija lawatuma kuti ayendere maboti onse amene linasiya m'chigwa muno. Anapempha kuti boti likokedwe pamtunda, alipukute liume. Anthu a padoko anasonkhana, poti kwathu mlendo wonyamula sutikesi sadutsa osaonedwa.

Anayamba ndi kanyundo kakang'ono. Anagwada kumutu kwa boti n'kumagogoda pang'onopang'ono, akusendera chammbuyo, khutu atalipendeketsa.

"Mayi, mukugogoda kuti akutsegulireni ndani?" anafunsa a Saulos atatsamira nkhafi yawo. "Mwini wake ali panja pano, ndi uyu wamimbayu."

"Mimba yanga ikukhudza chiyani, iwe wopalasa chipika?" anayankha ababa, anthu n'kuseka.

A Princess anangomwetulira osadzutsa mutu. Ine ndinali pafupi, ndipo ndinamva. Kumutu boti linkalira mowuma, ke ke ke. Atafika pakati, poima njinga paja, kulira kunasintha. Bu. Bu. Ngati ukumenya dzungu lowola. Anabwerera kumutu, ke ke. Anabweranso pakati, bu.

Kenako anatsegula kasutikesi kaja. Munali kamakina konga foni yaikulu, ka chingwe chokhala ndi kamutu kachitsulo kumapeto. Anafinyira mafuta oterera pansi pa boti n'kuyamba kuyendetsa kamutu kaja pamafutapo.

"Eee, akulipanga sikani!" anakuwa mayi wina wogulitsa nsomba za makakana. "A Kaputeni, boti lanu lili ndi pakati!"

"Likabereka kaboti mundigaireko," anatero a Saulos. "Ndatopa ndi nkhafi ine."

Dzuwa linkawalira pagalasi la kamakinako moti a Princess sankaona bwino. Anandikodola. "Mtsikana, tabwera unditchingire ndi chitenje chakocho. Dzina?"

"Tithokoze."

"Sukulu?"

"Ndalemba Fomu 4."

"Ndiye unaphunzira kuti ukakuwa pafupi ndi phiri mawu amabwerera. Kamakinaka kamatumiza kaphokoso m'kati mwa boti, kosamveka ndi khutu, n'kumadikira kuti kabwerere. Tayang'ana apa." Anaika kamutu kaja pamalo abwino, pagalasi panaima mzere wosongoka. "Apa zonse ndi zomatana, phokoso likuyenda bwino. Tsopano apa." Anakasunthira pakati. Mzere uja unasweka n'kukhala timizere tosokonekera tounjikana koyambirira. "Labwerera msanga. Lakumana ndi mpata. Pansi pa botili pali ngati buledi wopaka: pamwamba nsalu ya ulusi wagalasi yowumitsidwa ndi utomoni, pakati thabwa lopyapyala, kunsi nsalu inanso. Mphamvu yake yonse ili pa kumatana kwa zitatuzi. Zikamatuka, chilichonse pachokha ndi chofewa ngati katoni."

Ndinamva zonse. Kanali koyamba kuti chinthu cha m'buku la Fizikisi chindipeze kwathu, ndipo sichinabwere ndi zabwino.

A Princess anaimirira, anapukuta manja, anaitanira ababa pambali. Ine ndinali ndikadagwira chitenje, palibe anandithamangitsa.

"Bambo, botili latopa pakati apa."

"Latopa?" ababa anaseka. "Ndi bulu kodi?"

"Mukapinda waya kamodzi saduka. Mukamupinda uku ndi uku masiku onse, tsiku lina amaduka m'manja mwanu musanakoke n'komwe. Njinga zija zakhala zikupinda malo amodzi. Koma pali chinanso. M'katimu muli madzi ambiri. Alowa bwanji?"

Ababa anafotokoza, ndipo anafotokoza monyadira, za zidebe za madzulo ndi mmene mng'alu unatsekekera. A Princess anapukusa mutu.

"Bambo, ili si mtengo."

"Mwanena nokha kuti pakati pali thabwa. Thabwa si mtengo?"

"Ndi mtengo, eya. Lamwa, lafufuma, n'chifukwa chake madzi anasiya kutuluka. Koma pofufumapo lakankha nsalu ziwiri zija n'kuzimatula. Ndipo m'menemo mulibe mphepo yoti liume. Likuwola."

"Likulowa madzi?" anafunsa ababa.

"Ayi."

"Ndiye vuto lili pati, mayi? Bwato lodwala limalowa madzi. Limayamba pang'ono, umaliona, umalikonza."

"Mwadiya umachenjeza. Ili silichenjeza. Limakhala louma mpaka tsiku lothyoka."

Anatenga choko chofiira n'kuzunguliza malo onse olira bu. Anali aakulu ngati lichero. Anauza ababa, anauzanso a komiti, kuti boti lisanyamule anthu kapena katundu mpaka adzadule pansipo n'kumatapo zatsopano, ndiponso kuti asathiremonso madzi. Anati zipangizo zimachokera kutali ndipo sangawanamize kuti zifika mawa. A komiti anavomera ndi mitu. Onse ankadziwa kuti mvula ikayamba msewu wozungulira umaduka, ndipo njira yopita ku chipatala ndi kumsika imatsala imodzi.

Asanakwere njinga yobwerera, a Princess anatola bawuti yaitali m'kasutikesi kawo n'kundifumbatitsa. "Khutu uli nalo, ndakuona. Uzigogoda kunja kwa mzerewu. Pakufapa pakamakula, uziwauza abambo ako."

Boti linagona pamchenga sabata imodzi yokha. Kenako kunabwera maliro a kutsidya, kenako wodwala, kenako tsiku la msika. Ababa anapaka penti pa mzere wofiira uja, anayala thabwa poima njinga, tinabwerera pamadzi. Zidebe za madzulo anazisiya masiku owerengeka. Dzuwa litaumitsa boti timadzi tija tinayambiranso, ndipo iwo anati, "Waona zimene achita mayi ako a sikani aja?" n'kutenga chidebe.

Ndinayamba kulawira kudoko ndisanamwe tiyi. Ndinkakapa madzi ogona aja, ndinkachotsa thabwa, n'kugwada ndi bawuti yanga. Polekezera bu ndinkakandapo ndi msomali. Mvula yoyamba itagwa, pakufa paja panali patakula ngati mphasa ya mwana. Pofika Khirisimasi panali patafika pamene pansi pa boti pamapindikira kukwera m'mbali.

Ndinawauza tili kunyumba, akusoka ukonde pakhonde. Ndinayeserera mawuwo njira yonse, koma anatuluka ang'onoang'ono.

"Ababa, pakukula."

"Chiyani?"

"Pakufa paja. Pafika m'mbali."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anaika ukonde pansi n'kundiyang'ana ngati munthu wamkulu mnzawo.

"Titho, ndikaliimika ine, ukuganiza kuti ligona? Komiti ilipereka mawa lomwe kwa Nicholas, mnyamata amene wakhala akulifuna uja. Nicholas amadzaza anthu mpaka m'mphepete, amathamanga ngati akuthawa apolisi. Ine ndimalidziwa botili. Ndimadziwa podutsa, ndimadziwa pochepetsa moto. Ndiye ukufuna ndibwerere ku nkhafi ndi msana unowu?"

"Bola musamathiremo madzi."

"Madziwo ndi amene aligwira mpaka lero." Anatolanso ukonde. "Ndipo kugogoda kwako kwa m'mamawa kuja uchepetse. Anthu ayamba kufunsa kuti mwana wa a Kaputeni akudzutsa chiyani m'botimo."

Amayi anandipeza kuseri ndikutsuka mbale. Anangoti, "Zimene ukudziwazo uzidziwe, koma abambo ako usawachititse manyazi pa anthu."

Tsiku limenelo linali la msika, mu Febuluwale. Shire anali atadzaza, wofiirira, akukokolola namasupuni ndi zitsa. Ndinagogoda monga mwa masiku onse. Bu anayambira mbali iyi mpaka mbali inayo, lamba wathunthu wodutsa pakati pa boti. Nditaponda ndi chidendene, pansi pa penti panatuluka madzi akuda onunkha ngati chithaphwi.

Anthu anayamba kukwera ndikadali chigwadire. Matumba a mpunga anasanjidwa. Chance, mnyamata wa kabaza, anakweza njinga yake n'kuiimika pathabwa paja. Kunakwera amayi a mabeseni, ana awiri ovala yunifolomu, ndi a Evelesi oyandikana nafe nyumba, amene anali ndi pakati potopa ndipo ankapita kukadikirira kuchipatala. Ababa analiza injini.

"Masula, Titho."

Chingwe chinali m'manja mwanga. Sindinamasule.

"Titho, wagona? Masula."

Ndinatembenuka. Kanali koyamba kuwayang'ana kumaso anthu amene ndinkawolotsa. Ndinatsegula pakamwa, koma mawu anakana. Ndiye ndinamangirira chingwe pachikhomo, ndinatulutsa bawuti, ndinagwada pakati pa miyendo ya anthu n'kuyamba kugogoda. Kumutu, ke ke ke. Ndinasendera. Ke ke. Ndinapempha mayi wina asunthe beseni. Ke. Nditafika m'mphepete mwa thabwa, bu. Bu. Bu. Ndinadutsa nayo mbali yonse. Ababa anali atazimitsa injini, moti panalibe amene sanamve.

Kwathu mayi aliyense amagogoda mtsuko asanagule. Sindinafunike kufotokoza za phiri kapena za buledi. Gogo wina wa beseni la tomato anaimirira pang'onopang'ono.

"Mtsuko ukalira choncho ndimausiya pamsika," anatero, n'kutsika.

A Evelesi anamutsatira, atagwira mimba. Kenako ana aja. Kenako onse, mmodzimmodzi, mosayang'ana ababa. Ena anapita kwa a Saulos kukafunsa malo mu mwadiya.

"Aaa, a Kaputeni," anatero Chance akuseka, "boma lagwa! Mwana wakulandani mpando."

Ena anaseka nawo. Ababa anali ataima kumbuyo, dzanja lili pa injini. Nkhope yawo sindinaionepo choncho, ngati munthu amene amuvula malaya pamsika.

"Matumba asiyeni momwemo," anatero motsitsa. "Chance, njinga yako isiye. Ndiwolotsa, ndibwerera, ndiye mudzagogode bwino."

"Seba, usachite zamwano ndi madzi awa," anatero a Saulos. Sankasekanso. "Tsitsa katundu, tikambirane."

"Palasa chipika chako, Saulos."

Anayenda kudutsa pamatumba mpaka kumutu kumene ndinali. Ndinagwira chingwe ndi manja onse awiri.

"Ababa, nkhabe, musapite. Chonde."

Anamasula zala zanga chimodzichimodzi, mofatsa, ngati mmene ankandilandira mpeni ndili mwana.

"Wachita zimene anakuuza mayi uja. Tsika, mwananga."

Ndinatsika. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati akanapita ndikanakana kutsika.

Anayenda bwino, modekha, akulozetsa mutu wa boti kumtunda kwa madzi monga ankachitira nthawi zonse. Anthu ena anayamba kung'ung'udza kuti ataya ulendo pachabe. Atafika pakati, pamene madzi othamanga amakumana ndi obwerera n'kupanga mafunde, boti linakwera funde limodzi, linatsika. Linakwera lachiwiri. Sitinamve phokoso lililonse. Tinangoona njinga ya Chance ikugwa chammbali, pakati pa boti pakulowa pansi, mutu ndi kumbuyo zikunyamuka ngati buku likutsekedwa.

Ababa ankadziwa kusambira kuposa aliyense padoko pathu. Akanadumpha pomwepo akanafika. Koma tinawaona atawerama pa injini, akupotokola zomangira zake.

"Isiye!" a Saulos anakuwa, atakankhira kale mwadiya m'madzi. "Seba, isiye injiniyo! Seba!"

Kumbuyo kwa boti kunaima chilili kanthawi kochepa, iwo atakangamira pomwepo. Kenako panangotsala matumba akuyandama ndi namasupuni akudutsa.

Anawapeza asodzi m'bango, kumunsi kwenikweni, maliro tikulira kale.

Pamaliropo a Evelesi sanabwere, anali atachira mwana wamkazi. Amuna awo anabwera, anandigwira dzanja nthawi yaitali osanena kanthu kupatula "takhuta", zikomo wa kwathu kuno. Kuseri kwa nyumba ndinamva azakhali akuuza anzawo kuti munthu wamkulu sumamuyalutsa pagulu, kuti akanakhala ndi anthu m'botimo akanayenda mosamala, kuti ndi manyazi amene anawapha. Amayi sananene kuti ndinalakwa, sananenenso kuti ndinachita bwino. Timaphika limodzi, timagona nyumba imodzi, nkhani imeneyo sitiikhudza. Satifiketi yanga ya Fomu 4 itafika, poti ndinakhoza, ndinawapatsa, ndipo pepalalo anangoliyang'ana n'kundibwezera.

A Princess anabweranso msewu utatseguka, pagalimoto. Kumbuyo kunali zigubu za utomoni ndi mpukutu wa nsalu yoyera yonyezimira. Uthenga sunawapeze. Anatsika akumwetulira, akufunsa kuti a Kaputeni ali kuti. Anawayankha ndi a Saulos.

Theka lakumutu la boti linali litakokedwa pamtunda, ana ankaseweramo. A Princess anapita pamenepo, anagwada pothyoka paja. Nsalu yapamwamba ndi yapansi zinali zitayasama, pakati pake pali zinthu zakuda zofewa ngati gaga wonyowa. A Saulos anapisamo chala, ananunkhiza, anapukutira pa kabudula.

"Ndinkamuthandiza kutunga zidebezo," anatero. "Masiku ena msana ukamuvuta ndinkathira ndine."

A Princess anandiyang'ana, ndinayang'ana pansi. Anafunsa a komiti ngati padoko la kumunsi boti lawo likuyendabe, poti ulendo woyamba uja analipeza lili bwino ndithu. Anati likuyenda. A Saulos anakanda mutu.

"Amene amayendetsa kumeneko ndi mlamu wanga," anatero. "Anabwera kuno mwezi wa Novembala kudzafunsa Seba mmene anatsekera mng'alu. Seba anamuuza."

Galimoto sikanatha kufika kumeneko, njira inali idakali matope. A Saulos anakankhira mwadiya m'madzi, a Princess anakwera atakumbatira kasutikesi kawo. Ine ndinali nditaima pamchenga, pamalo omwe ndinaima tsiku lija. Chichitikireni ngoziyo ndinali ndisanapondenso m'bwato.

"Titho," anandiitana a Saulos, "bawuti ija uli nayo?"

Inali pamfundo ya chitenje changa. Sindinaichotsepo.

"Mlamu wanga ndi wamakani ngati abambo ako. Za makinazi sakazimva. Akamve kwa mwana wa Seba."

Ndinakwera, ndinakhala kumutu nditawafulatira. Pansi pa mwadiya panali timadzi, tinkandinyowetsa zala za kumapazi. Ndinatola chikapo n'kuyamba kukapa.